Kompyuta Ikadzuka Ntchito Itasowa: Kufufuza Chimene Chimafa Makina Akagona

Pakati pa mavuto amene ogwiritsa ntchito kompyuta amadandaula nawo kawirikawiri pali lakuti munthu amatseka chivindikiro cha laputopu, kapena kusiya kompyuta ya patebulo kuti igone yokha mawindo ake onse ali otsekula, koma pobwerera amapeza sikirini yofunsa dzina ndi pasiwedi ngati kuti makinawo angoyatsidwa kumene, ndipo akalowa amapeza zonse zimene ankachita zitapita. Chimene chatayika pamenepa akatswiri amachitcha session, kutanthauza mapulogalamu onse amene amagwira ntchito m'dzina la munthu kuchokera pamene walowa mpaka pamene watuluka, pamodzi ndi mawindo awo, zolemba zosasungidwa ndi malumikizidwe a pa netiweki amene mapulogalamuwo agwirizira. Vutoli limaoneka ngati limodzi chifukwa chimene maso amaona n'chofanana, komabe pansi pake pali zinthu zitatu zosiyana kwambiri: mwina kompyuta yonse inazima n'kuyakanso, mwina inadzuka bwinobwino koma pulogalamu yojambula mawindo inagwa n'kukokera pansi ena onse, kapenanso palibe chimene chinafa ndipo session idakalipo, kungoti sikirini ikulephera kuionetsa. Mankhwala a vuto limodzi mwa atatuwa sachiza linzake, choncho ntchito yoyamba ya wofufuza ndi kudziwa chimene chinafa ndi nthawi imene chinafera, asanayambe kusintha chilichonse m'makinamo.

Kuti zimenezi zimveke, m'pofunika kudziwa chimene kompyuta imachita ikamagona. Makompyuta ambiri amatsatira dongosolo lotchedwa ACPI, limene makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa mu 1996 pofuna kuti operating system, imene ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse monga Windows kapena Linux, izilamulira kagwiritsidwe ntchito ka magetsi mogwirizana ndi firmware, pulogalamu yokhazikika pa bolodi ya kompyuta yomwe imayamba kugwira ntchito zina zonse zisanayake. Dongosololi linagawa mikhalidwe ya makina kuyambira S0, pamene kompyuta ili maso, kufikira S5, pamene yazimitsidwa, ndipo pakati pake pali S3, kumene kuli kugona kodziwika kuyambira kale, ndi S4, imene imatchedwanso hibernation. Pa S3 pafupifupi chilichonse chimazimitsidwa kupatula RAM, malo amene mapulogalamu amasungamo zimene akugwiritsa ntchito panthawiyo, ndipo popeza RAM imaiwala zonse magetsi akangoduka, imapatsidwabe mphamvu pang'ono kuti izidzitsitsimula yokha. Pa S4 za mu RAM zimalembedwa pa disiki makina n'kuzimiratu, motero kudzuka kumachedwerapo koma sikudalira batire. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa mmene ambiri amaganizira, pakuti ntchito yosasungidwa pa kompyuta yogona pa S3 moyo wake wonse uli pa timagetsi tochepa timene tikulowa mu RAM.

Kugona sikuchitika kamodzin'kamodzi. Pa Linux, kernel, gawo lapakati la operating system limene limalankhula ndi zipangizo, imayamba ndi kuimitsa mapulogalamu onse, kenako imauza driver ya chipangizo chilichonse, kutanthauza pulogalamu yaing'ono yodziwa kuyendetsa chipangizocho, kuti isunge mmene zinthu zilili n'kuchizimitsa, ndipo pomaliza imapereka ulamuliro kwa firmware. Podzuka ndondomeko yomweyi imatsatidwa chobwerera m'mbuyo, ndipo mavuto ambiri amabadwira pamenepa, chifukwa zipangizo zambiri zimadzuka zitaiwala zonse ndipo ma driver awo ayenera kuzibwezera mwakale ndendende mapulogalamu asanaloledwe kupitiriza. Chipangizo chovuta koposa ndi GPU, imene imajambula zonse zooneka pa sikirini, pakuti pa makina ambiri ili ndi memory yakeyake imene imafufutika pogona, pomwe pulogalamu yojambula mawindo ikadzuka imayembekezera kupeza zinthu mmene inazisiyira. Kuwonjezera apo, kuyambira pa Windows 8 mu 2012 kunabwera kagonedwe kena, kamene pa Windows 10 kanatchedwa Modern Standby ndipo kofanana nako pa Linux ndi s2idle, mmene kompyuta siichoka pa S0 koma imangotsitsa mphamvu ya zipangizo zake monga mmene foni ya m'manja imachitira sikirini ikazima. Malaputopu ambiri atsopano alibenso S3, ndipo malangizo ochuluka amene analembedwera makina akale sagwiranso ntchito pa iwo.

Chinthu choyamba chimene munthu amafuna kuchita akaona sikirini yakuda ndi kupanikiza batani loyatsira mpaka makina azime, koma kutero kumapha session imene mwina inali yamoyo, ndiponso kumatha kutaya mizere yomaliza ya umboni imene inali isanalembedwe pa disiki. Pali zoyesera zosavuta zoyenera kuyamba. Ngati kagetsi ka Caps Lock kakuyaka ndi kuzima batanilo likadinidwa, nthawi zambiri ndiye kuti operating system ikumvabe. Pa Linux, kudina Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi kumatsekula malo olembamo malamulo amene sadalira pulogalamu ya mawindo, ndipo munthu akalowa pamenepo, kapena akalowa kuchokera pa kompyuta ina kudzera pa SSH, lamulo la loginctl list-sessions limaonetsa ma session onse amene alipo. Session yakale ikapezeka pamndandandawo, kubwerera kumalo ake ndi Ctrl, Alt ndi F2, kapena F1 kapena F7 malinga ndi mtundu wa Linux, kumakakamiza GPU kujambulanso ndipo kawirikawiri zonse zimaonekanso. Nthawi zina chimene chagwa ndi pulogalamu yokhoma sikirini yokha, ndipo popeza makina amakana mwadala kuonetsa ntchito ya munthu pamene loko yawonongeka, lamulo la loginctl unlock-session, lotsatiridwa ndi nambala ya session, ndi limene limatsekula. Pa Windows, kudina batani la Windows pamodzi ndi Ctrl, Shift ndi B kumadzutsanso mbali yojambula popanda kutseka mapulogalamu.

Palinso kusokonekera kumene kumangofanana ndi kutayika. Sikirini yachiwiri yolumikizidwa pa DisplayPort ikagona, kompyuta imatha kuiona ngati yazulidwa, ndipo mawindo onse amasamutsidwira pa sikirini imodzi kapena kutsalira pa sikirini imene sinadzukebe, moti munthu amaganiza kuti atsekedwa pamene akugwirabe ntchito. Kudina Alt ndi Tab, kapena kuzula chingwe n'kuchibwezera, kumathetsa chikayikocho msanga, ndipo Microsoft inayesa kuchepetsa vutoli mu Windows 11 mu 2021 pochititsa kuti mawindo azikumbukira sikirini imene anali.

Zikatsimikizika kuti session yapitadi, funso lotsatira ndi lakuti kodi makina onse anayakanso kapena ayi, ndipo yankho lake limagawa kafukufuku yense pawiri. Pa Linux lamulo la uptime limanena kutalika kwa nthawi imene yadutsa chiyakireni, ndipo likaonetsa mphindi zochepa pamene kompyuta inayatsidwa dzulo, ndiye kuti inazima. Umboni wokwanira uli mu log, kaundula amene makina amalembamo zochitika zake motsatira nthawi, yemwe pa mitundu yambiri ya Linux amawerengedwa ndi journalctl: journalctl --list-boots imandandalika maulendo onse amene makina anayaka, journalctl -b imaonetsa za ulendo uno, pomwe journalctl -b -1 imaonetsa za ulendo wapitawo. Kaundulayu amasungika kupyola kuyakanso pokhapokha ngati akulembedwa pa disiki, zimene pa makina ambiri zimadalira kupezeka kwa foda ya /var/log/journal, choncho wofufuza wanzeru amaonetsetsa kuti fodayo ilipo vuto lisanabwerenso. Mizere iwiri yofunika kuisaka ndi umene kernel imalemba pogona, wokhala ndi mawu akuti suspend entry, ndi umene imalemba podzuka, wokhala ndi mawu akuti suspend exit. Kaundula akathera pa woyambawo ulendo watsopano n'kuyamba, makinawo anafera kutulo kapena podzuka penipeni. Ukapezeka wachiwiriwo, kernel inapulumuka ndipo chofufuzidwa chili pamwamba pake.

Windows ili ndi umboni wamtundu womwewo mu Event Viewer, pansi pa System. Chochitika cha nambala 42 chochokera ku Kernel-Power chimasonyeza kulowa m'tulo ta S3 kapena S4, cha nambala 41 chimasonyeza kuti makina anayakanso asanatsekedwe mwadongosolo, ndipo nthawi zambiri chimayenda ndi cha 6008, pomwe cha 1074 chimatchula pulogalamu imene inalamula mwadala kuti makina ayakenso. Chomalizachi chimaulula chinthu chimene ambiri sachiganizira, chakuti kompyuta inadzuka usiku, inaika zowonjezera za Windows Update, n'kuyakanso monga inakonzedwera, ndipo palibe chinawonongeka kupatula ntchito imene inali isanasungidwe. Nthawi ya chiyakireni yooneka mu Task Manager imatha kusocheretsa, chifukwa Fast Startup, imene inayamba pa Windows 8, imasunga kernel pa disiki munthu akazimitsa makina, motero nthawiyo imapitirira kuwerengedwa ngakhale session ya munthuyo inatsekedwa. Lamulo la powercfg /a limanena mitundu ya tulo imene makinawo amatha, powercfg /lastwake limatchula chimene chinawadzutsa komaliza, ndipo powercfg /sleepstudy limalemba lipoti la mmene batire inathera pa makina a Modern Standby. Pa macOS zofanana nazo zimaoneka ndi pmset -g log.

Pamene makina anazimadi, chokayikiridwa choyamba chiyenera kukhala magetsi, ngakhale kuti anthu amathamangira kuloza chala ma driver. Kompyuta ya patebulo yogona pa S3 imaoneka ngati yozima, koma RAM yake ikudyera pa mphamvu yochepa ya 5 volt imene bokosi la magetsi la m'kompyutamo limaperekabe malinga chingwe chili kukhoma, ndipo magetsi akangothima ngakhale kwa kanthawi, zonse zimafufutika. M'madera amene magetsi amazimazima, monga zimakhalira nthawi zambiri m'Malawi ndi m'Zambia, kusiya kompyuta ya mu ofesi itagona usiku wonse popanda UPS, batire yapadera yogwirizira makina magetsi akazima, n'kusiya ntchito pangozi yodziwikiratu. Laputopu nayonso siitetezeka ngati batire yake yakalamba, pakuti batire yotopa imatha kuonetsa kuti idakali ndi mphamvu kenako n'kugwa mwadzidzidzi, ndipo powercfg /batteryreport pa Windows, kapena upower pa Linux, imayerekeza mphamvu imene batire inapangidwa nayo ndi imene ikutha kusunga tsopano. Pa makina a Modern Standby ndi s2idle pali ngozi ina yakuti chipangizo chimodzi chikakana kutsitsa mphamvu, processor siifika pa tulo tatikulu, laputopu imatentha m'chikwama, batire n'kutha m'maola ochepa. Yankho lenileni la mavuto a magetsiwa ndi kagonedwe kophatikiza, kamene Windows inabweretsa mu Vista ndi dzina lakuti hybrid sleep ndipo systemd, pulogalamu yoyang'anira ntchito za makina pa mitundu yambiri ya Linux, ili nako monga hybrid-sleep, mmene za mu RAM zimalembedwa kaye pa disiki makina asanagone, kapena suspend-then-hibernate, mmene kompyuta imagona kwa kanthawi kenako n'kusamukira pa S4.

Komabe hibernation ili ndi malo ake ogwera, ndipo kulephera kwake kumaoneka ndendende ngati session yotayika, chifukwa makina amangoyaka mwatsopano osadandaula kanthu. Pa Linux chithunzi cha RAM chimalembedwa mu swap, gawo la disiki losungiramo zosefukira za RAM, ndipo poyaka kernel iyenera kudziwa kumene chithunzicho chili, zimene kwa nthawi yaitali zakhala zikuchitika kudzera pa mawu akuti resume= operekedwa kwa kernel pamodzi ndi initramfs, kagulu ka mafayilo kamene kamatsekulidwa disiki yaikulu isanafikiridwe. Swap ikachepa chithunzicho sichitha kulembedwa, ndipo nambala yodziwira gawolo ikasintha chifukwa disiki inagawidwanso, chithunzicho chimanyalanyazidwa. Mitundu yambiri ya Linux imaletsanso hibernation pamene Secure Boot, chitetezo cha mu firmware chotsimikizira mapulogalamu oyatsira makina, yayatsidwa, pachifukwa chomveka chakuti chithunzi cha RAM chosatsimikizika chikhoza kukhala khomo lolowetsera zoipa mu kernel. Pa Windows chithunzichi chimakhala mu fayilo ya hiberfil.sys, ndipo munthu amene anazimitsa hibernation kuti apeze malo pa disiki anachotsanso chitetezo cha hybrid sleep mosadziwa.

Magetsi akakhala kuti analipo koma makina anafabe, vuto lili pakati pa kernel, ma driver ndi firmware, ndipo apa ndi povuta kwambiri chifukwa kugwako kumachitika disiki isanadzuke, moti kaundula sakhala ndi chonena. Olemba kernel ya Linux anakonza zida za vuto lomweli. Fayilo ya /sys/power/pm_test imalola kuyesa kugona pang'onopang'ono, kuyambira pa freezer, pamene mapulogalamu okha amaimitsidwa, kudutsa pa devices, platform ndi processors mpaka pa core, ndipo pa sitepe iliyonse makina amadikira masekondi ochepa n'kubwerera osagona kwenikweni; sitepe imene makina amaumira imaloza mbali yolakwa, ndipo zonse zikadutsa koma kugona kwenikweni n'kulepherabe, chala chimaloza firmware. Chida china, pm_trace, chimasunga chizindikiro cha chipangizo chomaliza kudzutsidwa mu wotchi ya pa bolodi, poti ndi malo amene safufutika makina akayakanso, ndipo mtengo wake ndi wakuti nthawi ya kompyuta imasokonekera ndiponso makina ayenera kuyatsidwanso msanga chizindikirocho chisanasinthike. Fayilo ya /sys/power/mem_sleep imaonetsa ngati makina akugwiritsa ntchito s2idle kapena deep, imene ndi S3, ndipo kusintha kuchoka pa wina kupita pa mnzake, pa makina amene ali ndi yonse iwiri, kumathetsa mavuto ambiri. Ma ThinkPad ena a Lenovo ali ndi posankhira kagonedwe mu firmware momwemo. Kuika firmware yatsopano, kumene pa Linux kumatheka ndi fwupd pa makina ambiri, ndi kuyeza RAM ndi Memtest86+, n'zoyenera kuchitika munthu asanataye masiku akusintha zina.

Mbali imene imasokoneza anthu ambiri ndi yachiwiri ija, pamene kernel inadzuka, netiweki inabwerera, nthawi ya chiyakireni ndi yaitali, koma munthu walandiridwa ndi sikirini yolowera. Chifukwa chake chagona pa kamangidwe ka mawindo pa Linux. Dongosolo lakale, X Window System, linayamba ku MIT mu 1984 ndipo mtundu wake wa 11, wotchedwa X11, unatuluka mu 1987. Mmenemo muli seva imodzi imene imagwira sikirini, kiyibodi ndi mausi, ndipo pulogalamu iliyonse yokhala ndi windo imalumikizana ndi sevayo, pomwe pulogalamu yokonza malo ndi mafelemu a mawindo ndi ina yapadera. Seva ikagwa mapulogalamu onse amafa nayo, koma yokonza mawindo ikagwa yokha imangoyambitsidwanso ntchito zonse zili chilili, ndipo n'chifukwa chake ogwiritsa ntchito GNOME, imodzi mwa ma desktop a Linux, pa X11 ankatha kuidzutsanso podina Alt ndi F2 n'kulemba chilembo cha r. Wayland, imene Kristian Høgsberg anaiyamba mu 2008 ndipo inafika pa mtundu wa 1.0 mu 2012, inaphatikiza ntchito ziwirizi mu pulogalamu imodzi yotchedwa compositor. Kuphatikizaku kunabweretsa zabwino zenizeni pa chitetezo ndi pa kusalala kwa zithunzi, koma kunachititsanso kuti cholakwika chilichonse cha mu compositor chikhale imfa ya session yonse. Pa GNOME, pulogalamu ya gnome-shell ndiyo seva, ndiyo yokonza mawindo, ndiponso ndi mmene mumayendera zowonjezera zolembedwa ndi anthu ena, zotchedwa extensions, moti chowonjezera chimodzi chosalembedwa bwino chikhoza kugwetsa chilichonse pamene masikirini akulumikizikanso podzuka.

Fedora inayamba kugwiritsa ntchito Wayland monga yoyambira pa mtundu wa 25 mu 2016, Ubuntu inaiyesa pa 17.10, inabwerera ku X11 pa 18.04 n'kudzaitenganso pa 21.04, ndipo desktop ya KDE Plasma 6 inaitenga monga yoyambira mu 2024, kotero kuti lero vutoli limakhudza ogwiritsa ntchito Linux ambiri. A KDE achitapo ntchito yoti mapulogalamu olembedwa ndi Qt 6 azitha kulumikizananso ndi compositor yawo, KWin, ikayambanso itagwa, ndipo imeneyi ndi njira yolondola yoyenera kutsatiridwa ndi ena, chifukwa sikoyenera kuti kalata imene munthu walemba kwa maola iwonongeke kaamba ka cholakwika cha pulogalamu imene ntchito yake ndi kungojambula kalatayo. Windows inathana ndi mbali imeneyi kale: kuyambira pa Vista, GPU ikakhala chete kwa masekondi 2 driver yake imayambitsidwanso, njira yotchedwa TDR imene imasiya chochitika cha nambala 4101 mu Event Viewer, ndipo mapulogalamu ambiri amapulumuka. Umboni wa kugwa kwa compositor pa Linux umapezeka ndi lamulo la coredumpctl list, limene limandandalika mapulogalamu ogwa ndi nthawi yake pa makina amene ali ndi systemd-coredump, ndipo dzina la gnome-shell, kwin_wayland kapena Xorg likaoneka pa mphindi yomwe makina anadzukira, mlandu wapezeka mwini. Mizere yoyandikana nayo mu kaundula wa kernel, yotchula amdgpu, i915, nouveau kapena NVRM, imasonyeza ngati GPU ndiyo inayamba kugwa.

Makadi a NVIDIA ogwiritsa ntchito driver ya kampaniyo ali ndi nkhani yawoyawo. Mwa chikhalire driver imeneyi inkasunga pogona zofunika zochepa chabe za mu memory ya GPU, poyembekezera kuti mapulogalamu adzajambulanso zotsalazo, koma si compositor iliyonse imene imapirira kupeza memory yake itafufutika, ndipo zotsatira zake ndi zithunzi zowonongeka, sikirini yakuda kapena kugwa. Malangizo a kampaniyo amafotokoza kuti mawu akuti NVreg_PreserveVideoMemoryAllocations=1 akaperekedwa kwa driver, ndipo nvidia-suspend.service, nvidia-resume.service ndi nvidia-hibernate.service zikayatsidwa, memory yonse yogwiritsidwa ntchito imakoperedwa mu fayilo pogona n'kubwezeredwa podzuka. Fayiloyo imafuna malo okwanira, ndipo chifukwa pa mitundu ina ya Linux foda ya /tmp imakhala mu RAM, imalozeredwa ku /var/tmp ndi mawu akuti NVreg_TemporaryFilePath. Zinthuzi zikakonzedwa mwatheka, monga kupereka mawu oyambawo osayatsa zitatuzo, kugona kumatha kulephera kotheratu. Mu 2024 systemd 256 inayamba kuimitsa ma session a anthu makina asanagone, zimene zinasemphana ndi kachitidwe ka driver imeneyi pa makina ena, ndipo pachifukwachi pali SYSTEMD_SLEEP_FREEZE_USER_SESSIONS=false yobwezera kachitidwe kakale. Chitsanzochi chikusonyeza kuti vuto loyamba mwadzidzidzi pa makina amene ankagona bwino liyenera kufufuzidwa poyang'ana zimene zinasinthidwa posachedwa.

Nthawi zina session siigwa koma imaphedwa mwadala. Pulogalamu ya systemd-oomd, imene Fedora 34 ndi Ubuntu 22.04 zinayamba kuiyatsa, imayang'anira kupanikizika kwa memory ndipo imapha gulu lonse la mapulogalamu osati imodzi, motero pa kompyuta ya RAM yochepa, pamene mapulogalamu onse akudzuka nthawi imodzi, gulu lophedwalo likhoza kukhala lokhala ndi compositor. Kupha kotere kumalembedwa momveka bwino mu kaundula, ndipo mankhwala ake ndi kuwonjezera RAM kapena swap, osati kusintha driver.

Vuto limene limabwera mwa apo ndi apo limanyenga wofufuza, chifukwa akasintha chinthu makina n'kudzuka bwino kawiri amakhulupirira kuti wachiza, pamene vutolo limangobwera kamodzi pa maulendo ambiri. Lamulo la rtcwake, limene limagoneka makina n'kuwadzutsa ndi wotchi pakapita masekondi osankhidwa, limathandiza kubwereza kuyesako kambirimbiri m'nthawi yochepa, ngakhale kuti likagwiritsidwa ntchito ndi -m mem limadumpha ndondomeko za systemd, choncho poyesa makina a NVIDIA ndi bwino kungoika nalo nthawi yodzukira, pogwiritsa ntchito -m no, kenako kugoneka makina ndi systemctl suspend. Chosinthidwa chikhale chimodzi pa ulendo uliwonse, ndipo zoyesera zopindulitsa koposa ndi zimene zimagawa bwalo pawiri: kuzula zonse za pa USB ndi sikirini yachiwiri kumalekanitsa zipangizo zakunja ndi makina enieni, kulowa ndi akaunti yatsopano kumalekanitsa makonzedwe a munthu ndi a makina onse, kuyaka ndi kernel yakale yosankhidwa pa GRUB, mndandanda wooneka makina akamayaka, kumasonyeza ngati vuto linabwera ndi kernel yatsopano, ndipo kuzimitsa extensions zonse kumatsuka kapena kutsutsa zowonjezerazo. Kusankha session ya X11 pa sikirini yolowera kunali koyesera kwabwino kwa zaka zambiri, koma kukuchepa mphamvu pamene mitundu yatsopano ya GNOME ikuisiya. Zopezeka pa kuyesaku, pamodzi ndi dzina la makina, mtundu wa firmware, wa kernel ndi wa driver, ndi zimene olemba mapulogalamu amafuna mu lipoti la vuto, ndipo lipoti lotero ndi limene limachititsa kuti cholakwikacho chikonzedwere aliyense.

Session ya pa kompyuta yakutali imatayika m'njira ina yosakhudza GPU konse. Laputopu ikagona netiweki imaduka, ndipo podzuka adiresi yake ikhoza kukhala itasintha kapena mbali inayo itatopa kudikira, motero kulumikizana kwa SSH kumafa ndipo mapulogalamu amene ankayendera mmenemo amatsekedwa. Njira yodalirika ndi kuyendetsa ntchitoyo mkati mwa tmux kapena GNU Screen pa seva, zimene zimaisunga yamoyo munthu atachoka, kapena kugwiritsa ntchito Mosh, imene Keith Winstein anatulutsa mu 2012 ndipo imapirira kugona ndi kusintha kwa adiresi. Pa seva imene systemd yakonzedwa kuti izipha mapulogalamu a munthu akatuluka, kachitidwe kamene kanakhala koyambira pa systemd 230 mu 2016 ngakhale mitundu yambiri ya Linux inakazimitsa, tmux yomweyo imafa pokhapokha itayambitsidwa kunja kwa session ndi systemd-run --user, loginctl enable-linger itayatsidwa.

Session ikafa, chimene chingabwezedwe ndi chokhacho chimene pulogalamu iliyonse inalemba pa disiki payokha. Firefox imalemba mndandanda wa masamba otsekula pafupifupi masekondi 15 aliwonse mu foda ya sessionstore-backups, Microsoft Word imasunga kope lopulumutsira mphindi 10 zilizonse ngati sizinasinthidwe, ndipo LibreOffice ili ndi njira yofanana imene imadzipereka pulogalamuyo ikatsekulidwanso. M'pofunika kuvomera kubwezeretsako pa ulendo woyamba, chifukwa kukana kapena kutsekula ndi kutseka mobwerezabwereza kumatha kufufuta kopelo. Zimene desktop imachita potsekulanso mapulogalamu akale munthu akalowa, monga mwa XSMP ya mu X11R6 ya 1994 kapena Resume ya macOS imene inabwera ndi Lion mu 2011, zimadalira kuti pulogalamu iliyonse isunge zake, ndipo XSMP imasunga makamaka pamene munthu akutuluka mwadongosolo, osati pa kugwa. Pa makina amene firmware yake inasiya kukonzedwa ndipo zoyesera zonse zalozera komweko, chotsala ndi kusintha zimene chivindikiro chimachita: pa Linux mzere wa HandleLidSwitch mu fayilo ya logind.conf ukhoza kuikidwa pa lock kapena pa hibernate m'malo mwa suspend, malinga desktop ilibe makonzedwe ake olanda ulamuliro umenewu, ndipo pa Windows zofanana nazo zimasankhidwa mu Power Options, pamene pamafunsidwa chochitika chivindikiro chikatsekedwa makina ali pa batire ndiponso ali pa tchaja.